Mutu 6: Mchere wa M'ndiwo

1. Mwana wa Harare

Ku Chinyunyu kunalibe munthu wosamudziwa Rhoda Mvula. Ngakhale madalaivala a mathiraki opita ku Chipata, akamuona akuthamanga m'mbali mwa msewu waukulu, ankaliza huta ndi kutulutsa dzanja pawindo. Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo chaka chimenecho cha 1996 anasankhidwa kulowa m'timu ya achinyamata yokaimira Zambia pa mpikisano wothamanga ku Harare.

Malo amenewo sanali otola pansi. Pa mtunda wa mamita 3,000 ankafuna mtsikana mmodzi yekha, ndipo olimbirana anali ambiri. Kampu yoyamba ya ku Lusaka itatha pakati pa Julayi, osewera anauzidwa kuti akapitirize kukonzekera kumidzi kwawo. Kochi wa timuyo, ba Davies, analonjeza kuti Loweruka lomaliza la Ogasiti adzabwera ndi galimoto kudzatenga Rhoda.

Ndiye mudzi wonse unapenga naye. Dzina la Rhoda linaiwalika, aliyense ankangomutcha Harare. Kutchalitchi ankamupempherera mlungu ndi mlungu. Amayi ogulitsa pamsewu ankamuuziratu zoti akawagulire. Anthu oti chibadwire anathamangapo kamodzi kokha, pothawa njuchi, onse anasanduka makochi, uyu akuti uzitaya miyendo chonchi, uyo akuti usamayang'ane kumbuyo. Onse ankamalizira pa mawu amodzi: usakatichititse manyazi.

Rhoda ankangomwetulira, koma mumtima anali ndi mantha aakulu.

2. Mawu a pa sikelo

Chimene anthu sankadziwa ndi chimene chinachitika ku kampu. Tsiku lina pa mpikisano woyeserera Rhoda anakhala wachiwiri. Wachiwiri basi, komanso ali ndi chimfine. Ba Davies anamuimika pa sikelo pamaso pa timu yonse, nayang'ana singano ya sikeloyo, kenako anapukusa mutu.

"Manje iwe Rhoda, walemera," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ngati ufuna Harare, vala pakamwa. Ofuna malo yako ni ambiri."

Anzake anaseka. Mwina ba Davies pofika madzulo anali ataiwala kale, koma Rhoda mawuwo anamulowa ngati munga wa kuphazi. Kuvala pakamwa ndiko kutseka pakamwa, ndipo mwanayu anatsekadi. Anayamba ndi kusiya buledi wa m'mawa. Kenako anachepetsa nsima, kenako anaisiyiratu, n'kumangokhalira tiyi wopanda shuga ndi timasamba. Masabata oyamba anapepukadi, anathamanga bwino, ba Davies anamuyamikira pagulu. Kuyambira pamenepo sanathenso kubwerera.

Atafika kumudzi anapeza nzeru yobisira. Mayi ake, a Mailesi, anali mkazi wamasiye wogulitsa nthochi ndi mbatata pamsewu, pafupi ndi akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu. Rhoda anawauza kuti asamavutike ndi khitchini, aziphika ndi iyeyo. Mayi wake wa ndani angakane zimenezo? A Mailesi anakondwa, nanyadira kwa anzawo kuti Lusaka sanawawonongere mwana.

Nthawi ya chakudya ikakwana, Rhoda ankati wadya kale pophika. Ankavala majuzi awiri, n'kumanamizira mphepo ya Ogasiti. M'mawa ankathamanga pamsewu, masana ankakweranso zitunda za kuseri kwa mudzi, ngakhale ba Davies sanamuuze zimenezo. Tulo tinamuthawa. Kukwaya anasiya, anzake akabwera ankawabisalira, ndipo kanthu kakang'ono kankamupsetsa mtima mpaka kulira. Akadzuka msanga pamene wakhala, dziko linkazungulira.

3. "Ndiwo zapsa"

Banja la a Mailesi linachokera ku Chadiza, ndipo ngakhale anali anthu a tchalitchi, mwambo wa mchere sanausiye. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, poti akuluakulu amati odya ndiwozo amadwala mdulo. Chikhalireni namwali, Rhoda anali ndi kanenedwe kake. Masiku amenewo akafika, ankaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amayi, ndiwo zapsa." Mayi ankamva, ankabwera kudzathira mchere, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsono Julayi anatha, Ogasiti anafika kumapeto, mawu aja osamveka. Mchere Rhoda ankathira yekha tsiku ndi tsiku. Iye mwini anali ataona kalekale, ali ku kampu, kuti kumwezi wasiya kupita, koma anangoti zamuchepetsera ntchito. Anabisa mbale, anabisa thupi, koma za mchere sanaziganize n'komwe.

A Mailesi anadikira, anadikirabe, mtima uli m'mwamba. Lachitatu anabwera kuchokera kumsewu n'kupeza Rhoda atagwira mzati wa khitchini, maso ali chitsinzinire, fungo la tinsomba ta kapenta likumuchititsa nseru. Sanafunse kanthu. Anatula dengu la nthochi, nalunjika kwa mkulu wawo, ba Nelly, amene anali mlangizi wa atsikana kutchalitchi.

Masana omwewo anayala mphasa kuseri kwa nyumba. Ba Nelly sanali munthu wozungulira nkhani.

"Mwana iwe, ife maso tili nawo," anayamba. "Apa pali ziwiri. Mwina wataya mwambo, ukuthira mchere uli kumwezi kuti amako adwale. Apo ayi, kumweziko sukupitako. Ngati sukupitako, tiuze mwini wake. Ine atsikana ndalangiza ambiri, ndipo onse amayamba ndi kulumbira. Lusaka si Chinyunyu, mwanawe. Kumeneko mwamuna amakugulira chakumwa lero, mawa ukamupatsa moni akuti ndiwe ndani. Wotchuka ngati iweyo ndiye amamuzungulira ambiri, ena a msinkhu wa bambo ako. Mimba siibisika, ingakhale uvale majuzi khumi. Ndipo masiku ano siibwera yokha, imabwera ndi matenda aja atimalizira ana m'midzi muno. Ukanena lero tikuthandiza. Ukabisa, udzanena uli pamphasa, ife tilibenso chochita."

Rhoda analumbira ndi misozi kuti sanayendepo ndi mwamuna. Zimenezo zinali zoona, ndipo kunamiziridwako kunamupweteka kwambiri. Ba Nelly anangofunsa kamodzi kuti nanga za mcherezo azimve bwanji.

Yankho Rhoda analidziwa pang'ono, koma ankadziwanso kuti akangotchula za chakudya, Harare wapita. Anayang'ana pansi n'kumazula ulusi wa mphasa.

A Mailesi anagamula kuti Lachisanu apita naye ku chipatala cha ku Mpanshya. Kukiliniki ya pafupi anakana, poti kumeneko ukangokhala pabenchi, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa chimene ukudwala.

4. Ku Mpanshya

Lachisanu anakwera minibasi. Kuchipatala analandiridwa ndi namwino wachikulire, Sista Peggy, amene anamva nkhani yonse ya mchere osaseka ngakhale pang'ono. Anatuma Rhoda kukapereka mkodzo, ndipo patapita nthawi anawaitananso m'kachipinda kake.

Mimba panalibe.

Rhoda anayang'ana mayi ake ndi maso onena kuti mwaonatu. Anaimirira kuti azipita, poganiza kuti wapulumuka. Koma Sista Peggy anamuuza kuti ayambe wavula majuziwo, akufuna kumva chifuwa. Rhoda anati akumva kuzizira. Sista anati atseka windo. Panalibenso pothawira, ndipo anavula loyamba, kenako lachiwiri.

A Mailesi anali asanaone thupi la mwana wawo chibwerereni. Anaona nthiti zowerengeka, mafupa a m'mapewa ali njo, mikono ngati ya mwana wa giredi 4. Anakhala pansi pa simenti.

Zaka zimenezo munthu akawonda chonchi panalibe wofunsa. Aliyense ankadziwa dzina lake, kaliwondewonde. A Mailesi anali atadwazika mlongo wawo Obby chaka chathacho mpaka kumuika m'manda, ndipo mafupa amenewa anawadziwa. Sanakuwe. Anangogwira m'mutu n'kumalira chapansipansi.

"Ambuye, ndinakulakwirani chiyani? Obby ndinamusambitsa ndekha. Uyunso ndimusambitse?"

Sista Peggy anawakhazika pampando, nawauza kuti kuwonda kuli ndi zifukwa zambiri. Anati magazi atha kuyeza, koma yankho lake silituluka tsiku lomwelo. Kenako anatembenukira kwa Rhoda, namufunsa mofatsa ngati pali chimene akudziwa chimene iwo sakudziwa.

Njira yokhalira chete inalipo. Akanangopukusa mutu, mawa lake akanakwera galimoto ya ba Davies, n'kusiya mayi ake akudikira yankho la magazi ndi mantha amenewo. Rhoda anayang'ana chitseko, kenako anayang'ana mayi ake.

"Sista, ndikanena mundiletsa kuthamanga?"

"Sindikunamiza, mwana wanga. Mwina ndikuletsa."

Rhoda anagwada pafupi ndi mpando wa mayi ake, nawagwira dzanja.

"Amayi, matenda aja ndilibe. Ine sindidya. Zija ndimati ndadya pophika, ndimanama."

Anafotokoza zonse, za sikelo, za kuseka kwa anzake, za tulo, za zitunda. Ananenanso chimene sananenepo kwa munthu, kuti tsopano ngakhale atafuna kudya, akangoona mbale mtima umagunda ndipo pakhosi pamatseka. Anati akaganiza zobwerako ku Harare wopanda mendulo, amaona ngati kuli bwino asadzabwerenso ku Chinyunyu.

A Mailesi anasokonezeka. Chimwemwe chinabwera pamodzi ndi mkwiyo. Anafunsa kuti nkhokwe ili yodzaza, mbatata zikuwola pamsewu, ndiye mwana wawo afe ndi njala yadala? Anayamba kumukalipira, koma Sista Peggy anawagwira paphewa.

"Amake Rhoda, musamukalipire. Awa ndi matenda, ngakhale sachokera kwa udzudzu kapena kwa mwamuna. Amayambira m'maganizo, kenako amadya thupi. Si ufiti, si mwano, si kupusa. Amakonda kugwira ana akhama, amene safuna kukhumudwitsa munthu. Mawu amodzi a wamkulu amakwanira kuwayatsa, makamaka mwana akakhala kutali ndi kwawo, wopanda womuuza zakukhosi. Mudzi wonse mwamusenzetsa pamutu, ndiye akatula kwa yani?"

Kenako anayang'ana Rhoda.

"Iwe mvera bwino. Thupi likasowa chakudya limayamba kutseka ntchito zina kuti lisunge moyo. Choyamba latseka mwezi wako. Ukapitiriza, mafupa afewa, udzathyoka mwendo popanda wokugwetsa. Mtima nawo ndi mnofu, umawonda ngati mikono yakoyi, ndipo ungathe kuima uli pakati pa bwalo. Kuthamanga uyambe wasiya. Ku Harare supita chaka chino. Uzidya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndipo osadya wekha, uzidya ndi amako. Inu mayi musamukakamize ndi ndodo, muzingokhala naye. Ubwerere kukwaya, ucheze ndi anzako, ukumbuke kuti unali Rhoda usanayambe kupambana. Uzibwera kuno tizikuona ndi kucheza nawe. Maganizo aja oti usadzabwerenso akakufikira, uuze amako nthawi yomweyo, usadikire kuti kuche. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukachira udzathamanganso, mipikisano siitha."

Rhoda analira mpaka kusisima. Anapempha kuti amulole mpikisano umodzi wokhawu, akabwerako adzadya chilichonse. Sista Peggy anakana. Potuluka Sista anamuuza kuti iwo mawa pamsewu sadzakhalapo, ndipo kochiyo adzayenera kumva kuchokera pakamwa pa mwini wake.

5. Galimoto ya ba Davies

Loweruka pamsewu panadzaza anthu ngati pali ukwati. Kwaya inabwera ndi zisekese, amayi ogulitsa anasiya madengu awo, ana anakwera m'mitengo. Palibe amene anadziwa za ku Mpanshya kupatula ba Nelly, amene m'mawa umenewo anabwera kudzapepesa kwa Rhoda, chinthu chimene anali asanachitepo kwa mwana aliyense.

Rhoda anafika ndi mayi ake, wopanda chikwama. Anthu sanazindikire. Ankangoimba ndi kuitana dzina lija la Harare.

Galimoto inatulukira chakum'mawa, poti ba Davies anayamba akatenga osewera ena a kutsogoloko. Anatsika akuseka, m'manja atanyamula tirakisuti yobiriwira, yatsopano, yolembedwa ZAMBIA kumsana. Anthu analuluta. Ba Davies anamuyang'ana Rhoda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nagwedeza mutu mokondwa.

"Eya, manje waoneka monga wothamanga," anatero, namuika tirakisutiyo m'manja.

Inali yofewa, ikununkha utsopano. Rhoda anali ataiona m'maloto kuyambira ali wamng'ono, akuthamanga wopanda nsapato pabwalo la sukulu. Anaifuna ndi mtima wonse. Chitseko cha galimoto chinali chotsegula, ndipo kungokwera kunali kosavuta. A Mailesi anatsegula pakamwa kuti amuyankhulire, koma ba Nelly anawatsina pamkono.

"Ba kochi, sindipita," anatero Rhoda. Mawu ake anali aang'ono, kotero kuti anabwereza. "Sindipita. Ndikudwala."

Ba Davies anaganiza kuti ndi malungo, ndipo anati mankhwala ali nawo m'galimoto. Rhoda anapukusa mutu. Anawauza pamaso pa anthu onse kuti chiyambire tsiku la sikelo anasiya kudya, ndipo akuchipatala amuletsa kuthamanga kufikira atachira.

Kwaya inasiya kuimba. Nkhope ya ba Davies inasintha, manyazi ndi mkwiyo pamodzi. Anati iwo sanauze munthu kuti adziphe ndi njala, anangonena za masewero, ndipo wothamanga weniweni sathamangira kuchipatala ndi tinkhani ta chakudya. Anamuchenjeza kuti akaisiya galimotoyi asadzayembekezenso kuitanidwa.

M'gulumo munayamba manong'onong'o. Wina anati mwanayu wachita mantha. Mayi wina wogulitsa tomato ananena mokweza kuti mapemphero onse aja apita pachabe, mudzi wachita manyazi. Rhoda anamva zonse, ndipo zinamupweteka kuposa njala ija. Pamenepo a Mailesi anabwera kudzaima pambali pake, phewa ndi phewa.

"Manyaziwo ndisenza ndine," anatero. "Mwanayu ndinabala ndekha, ndipo ndimufuna wamoyo."

Rhoda anatambasula manja n'kubweza tirakisuti ija. Ba Davies anailanda, napita kuwindo la kumbuyo kwa galimoto, naiponya mkati.

"Cynthia, tenga. Harare ni yako."

Cynthia anali mtsikana wa ku Shikabeta, wa zaka khumi ndi zisanu, amene anali wachiwiri kwa Rhoda pa mtunda womwewo, ndipo anamutenga kuti akhale wodikirira malo. Ku kampu ankagona chipinda chimodzi, ndipo mwanayu ankatengera chilichonse chimene Rhoda ankachita, ngakhale kamangidwe ka zingwe za nsapato. Rhoda anasendera kuwindo kuti amufunire mafuno abwino, ngakhale mumtima munali mowawa.

Dzanja limene linatuluka kudzamugwira linali lozizira, lopyapyala kuposa lake. Kunja kunali kutatentha, koma Cynthia anali m'majuzi awiri. Maso ake analowa mkati, milomo inali yosweka, koma ankamwetulira.

"Usadandaule, Rhoda, ndikakuthamangira," ananong'ona. "Zija unandiphunzitsa sindinasiye. Kunyumba palibe amene wadziwa."

Ba Davies anali ataliza kale injini. Galimoto inalowa mumsewu, dzanja lija linapulumuka m'dzanja lake, ndipo posakhalitsa inazimiririka pa chitunda cholowera ku Lusaka.

Anthu anayamba kubalalika, ena osamuyang'ana n'komwe. A Mailesi anamugwira mkono kuti azipita kunyumba, koma Rhoda sanasunthe. Anali chiyang'anire kumene galimoto inalowera, misozi ikutsika.

"Amayi," anatero, "ku Shikabeta amapitako bwanji? Ndifuna ndikaonane ndi amake Cynthia."